ACULE M'DZIWE LA NSOMBA: KODI NDI ADANI KAPENA ABWENZI?

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa November, munthu amene ali ndi dziwe la nsomba pafupi ndi nyumba yace sapeza tulo cifukwa ca phokoso la acule. M'mawa akapita kudziwe apeza mazira atayangana pa udzu wa m'madzi, ndipo asanathe masabata awiri m'mphepete monse mwada bii ndi ambululu. Pamenepo mlimi ayamba kuda nkhawa, pakuti anataya ndalama pogula tiana ta nsomba, ndipo anataya thukuta pokumba dziwelo. Ena mtima ukawapsa athamangira botolo la mankhwala a thonje kuti aphe acule onse tsiku limodzi. Mawa lace apeza nsomba zonse ziri kuyandama, mimba kumwamba.

M'phunziro lino tifuna kuti muone kuti acule sali mtundu umodzi ai. Alipo amene aononga nsomba, ndipo alipo ambiri amene athandiza mlimi. Munthu wodziwa kuwasiyanitsa akhoza kusunga nsomba zace bwino osapha cule ndi mmodzi yemwe wopanda cifukwa. Tiyamba ndi maiwe a nsomba zakudya, ndipo pambuyo pace tinena za timaiwe ta pakhomo tosungiramo nsomba zokongoletsa zochedwa goldfish.

MOYO WA CULE

Acule ambiri aikira mazira ao m'madzi. Patapita masiku owerengeka mazira aswa ambululu, amene apuma m'madzi monga nsomba nadya ndere ndi zonyenyeka za pansi. Pang'ono ndi pang'ono miyendo ya m'mbuyo imera, kenaka ya kutsogolo, mcira nufota, ndipo kacule katuluka kumtunda. Cule wamkulu sadyanso ndere, koma adya zamoyo zimene ziyenda, ciri conse cimene cikwana m'kamwa mwace. Cule samwa madzi ndi pakamwa: madzi alowa pakhungu pace, ndiponso apuma pang'ono ndi khungu lomwelo. Cifukwa cace ciri conse coipa cimene cithiridwa m'madzi cimlowa m'thupi msanga.

DZIWANI MITUNDU YAO

Woyamba ndiye cule wa khungu lokhakhala, uja abwera pakhonde usiku kudzadya ngumbi pa nyali. Iye akhala kumtunda, ndipo apita kumadzi pa nyengo yoswana yokha. Mazira ace ali ngati mikanda yakuda yotungidwa pa zingwe ziwiri zazitali zonanda, zimene zikulungika pa udzu. Wamkazi mmodzi akhoza kuikira mazira oposa 10,000 nthawi imodzi. Ambululu ace ndi ang'ono, akuda, oyenda m'cigulu m'madzi osaya. Cule ameneyu sagwira nsomba. Kumbuyo kwa maso ace kuli zotupa ziwiri zotulutsa madzi oyera a ululu, ndipo galu akamluma acita thobvu kukamwa. Ambululu acenso ali nao ululu pang'ono, kotero nsomba zambiri ziwalavula.

Waciwiri ndiye cule wa thobvu. Mwaonapo thobvu loyera lolendewera pa nthambi ya mtengo pamwamba pa cithaphwi, makamaka ku cigwa ca Luangwa ndi m'madambo a Kum'mawa. Limenelo ndi cisa cace. Mazira aswa m'kati mwa thobvu, ndipo pa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ambululu agwera m'madzi. Cule ameneyu akhala m'mitengo nadya tizirombo touluka. Alibe mlandu ndi nsomba zanu.

Wacitatu ndiye finye, wozungulira uja amene adzitupitsa mukamkhudza. Finye salowa m'dziwe konse. Aikira mazira ace m'una pansi pa nthaka, ndipo ana atuluka ali kale timafinye. Cakudya cace ndi ciswe ndi nyerere.

Wacinai ndiye cule wamkulu wa m'madambo, amene agona pansi pa nthaka cirimwe conse natuluka mvula ikagwa yambiri. M'malo ena anthu amadya ngati ndiwo. Ali ndi kamwa lalikulu ndi zonga mano pa nsagwada ya m'munsi, ndipo aluma. Ameza acule anzace, mbewa, ngakhale anapiye, ndipo kansomba sangakasiye. Koma iye akonda zithaphwi zosaya za madzi a mvula koposa dziwe lakuya, cotero sabwera kawiri kawiri.

Wacisanu ndiye mdani weni weni, cule wa zikhadabo. Thupi lace ndi laphanthi ndi loterera ngati sopo, maso ace ang'ono ali pamwamba pa mutu, ndipo pa zala zitatu za phazi liri lonse la m'mbuyo pali tizikhadabo takuda. Alibe lilime, cakudya acikankhira m'kamwa ndi manja. Akhala m'madzi usana ndi usiku, nangotulutsa mphuno kuti apume, ndipo ambiri a inu muli naye m'dziwe osadziwa. Usiku wa mvula ayenda pamtunda kucokera ku dambo kufunafuna madzi atsopano. Ambululu ace ndi oyera mbee, ali ndi ndebvu ziwiri, ndipo aima pakati pa madzi mutu utazolika. Anthu ena awayesa tiana ta mlamba nakondwera, osadziwa kuti alandira mlendo woipa.

KUONONGA KWAO

Acule ndi ambululu aononga m'njira zitatu. Njira yoyamba ndiyo kudya tiana ta nsomba, ndipo mwini mlandu umenewu ndiye cule wa zikhadabo. Taganizani mmene nsomba zathu ziswanira. Nsomba ya mawanga atatu ya ku Kafue, imene a za nsomba aicha andersonii, ndi inzace ya mutu wobiriwira, macrochir, zifungatira mazira m'kamwa mwa yaikazi masabata ngati awiri. Nsomba ya cifuwa cofiira, rendalli, iikira mazira pansi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zilonda pamodzi. Nthawi yonseyi cule sangayandikire. Koma tiana tikasiyana ndi amao tipita m'mphepete mosaya ndi mofunda, ndipo m'menemo ndimo cule wa zikhadabo abisalira. Tiana ta mlamba tiri pa tsoka koposa, popeza mlamba sulera ana ace.

Njira yaciwiri ndiyo kulimbirana cakudya. Muthira manyowa m'dziwe kuti madzi abiriwire ndi tizomera tating'ono timene tiana ta nsomba tidya. Ambululu a cule wa zikhadabo asefa madzi omwewo nadya tizomera tomweto. Muwaza gaga wosalala, ambululu akuda aja afika msanga m'cigulu cao namaliza. Pamenepo nsomba zikula mocedwa ngakhale mwini azidyetsa masiku onse.

Njira yacitatu ndiyo kucepetsa mpweya wa m'madzi. Ambululu akacuruka kwambiri m'dziwe laling'ono apuma mpweya umene ukadakhala wa nsomba. Mukaona nsomba ziri kuyasama pamwamba pa madzi m'mamawa dzuwa lisanatuluke, dziwani kuti mpweya wacepa; lekani kuthira manyowa ndi cakudya tsiku limenelo, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Onani tsono kuti zoipa zonsezi zigwera nsomba zazing'ono. Nsomba imene yafika utali wa cala ca munthu wamkulu cule wa zikhadabo sangaimeze. Nkhondo yanu ndi acule iri pa masabata oyamba okha, ndiponso m'dziwe lolerera tiana lokha.

UBWINO WAO

Dziwe la nsomba kawiri kawiri likhala pafupi ndi dimba. Usiku, mlimi ali m'tulo, acule a kumtunda ali pa nchito m'mizere ya repu, kabici ndi matimati, kudya mbozi zodula mbande, nkhululu, ziwala, ciswe ndi tizirombo tina tambiri. Sapempha malipiro. Ndiponso acule ndi ambululu ndiwo cakudya ca nanchengwa, akakowa, ng'azi ndi njoka. Nanchengwa akonda cule wa zikhadabo koposa zakudya zina, ngakhale kuti kansomba akakapeza sakasiya. Acule akatha, nyama zimenezi sizileka kudya, koma zitembenukira ku nsomba zanu.

Pali cinanso. Popeza khungu la cule lilandira msanga coipa ciri conse, acule ndiwo ayamba kufa madzi akaipitsidwa. Akuru anati cule anadabwa m'madzi muli mwace. Mukaona acule akufa m'ngalande imene ibweretsa madzi kudziwe kwanu, inunso dabwani: tsekani ngalande nthawi yomweyo, ndipo pitani kumtunda mukaone ngati wina watsukiramo pampu yopoperera mankhwala.

KUTETEZA DZIWE LOLERERA TIANA

1. Musanaikemo tiana, phwetsani dziwe liume mpaka matope ang'ambike. Cule wa zikhadabo adziwa kubisala m'matope onyowa, cotero musasiye cithaphwi ngakhale cimodzi. Mlangizi wa za nsomba adzakuuzani muyeso wa laimu woyenera kuwaza pansi.

2. Musadzaze dziwe mwezi wathunthu nsomba zisanabwere. Madzi oima opanda nsomba aitana acule. Thirani madzi ndi manyowa patatsala sabata limodzi kapena masiku khumi, kuti madzi angobiriwira, ndipo ikanimo tiana.

3. Mangani sefa ya maso ang'ono pa paipi yolowetsa madzi ndi pa paipi yotulutsa. Mazira ndi ambululu abwera ndi madzi a m'ngalande. Tsukani sefa masiku onse kuti isatsekeke.

4. Zingani dziwe ndi mpanda wa pulasitiki wokhuthala kapena wa malata akale, wotalika masentimita 50 pamwamba pa nthaka, ndipo m'munsi mwace mukwirire masentimita 10 kuti cule asapite pansi. Mpanda ukhale woterera ndi wopanda mpata pa ngodya. Dziwe lolerera tiana ndi laling'ono, cotero mpanda wace sudya ndalama zambiri.

5. Chechani udzu wa pa zipupa za dziwe ukhale waufupi, ndipo zulani udzu wa m'madzi osaya, pakuti m'menemo ndimo acule amangirira mazira.

6. M'mawa uli wonse pa nyengo ya dzinja zungulirani dziwe ndi ndowa ndi kaukonde ka m'manja. Zingwe za mazira zikokeka mosabvuta ndi kamtengo. Kuola mazira lero ndi nchito ya mphindi khumi. Kuola ambululu sabata la mawa ndi nchito ya tsiku lonse. Zimene mwaola mukazithire m'cithaphwi ca kudambo. Nchito imeneyi ana a sukulu akhoza kuthandiza, koma pakhale wamkulu pafupi, ndipo asambe m'manja akatha.

7. Cherani mono wa pakamwa popapatiza, muikemo fupa kapena matumbo a nkhuku, muusiye m'madzi usiku. M'mawa mudzapezamo acule a zikhadabo. Kawatayeni ku dambo la kutali ndithu, pakuti mukawataya pafupi abwerera usiku womwewo.

8. Amene ali ndi ndalama agule thumba la ukonde locedwa hapa, lomangika pa mitengo inai m'kati mwa dziwe, nalereremo tiana mpaka titakula. Musatenge ukonde wa udzudzu wa kucipatala kuti mucitire nchito zimenezi. Umenewo ndi woteteza ana anu ku malungo, ndiponso uli ndi mankhwala amene apha nsomba.

DZIWE LA NSOMBA ZAZIKULU

Pano musadzibvute ndi mpanda. Tinene kuti dziwe lanu liri mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, ndipo mwaikamo nsomba zitatu pa mita iri yonse ya bwalo la madzi, ndiko kuti nsomba 600. Ngati zonsezo munazigula zitafika utali wa cala, acule sadzacepetsa ciwerengero cao. Cimene muyenera kusamala ndico cakudya: wazani gaga pa malo amodzi akuya pang'ono, nthawi imodzimodzi tsiku liri lonse, kuti nsomba zizolowere kufika msanga, ndipo musawaze m'mphepete mmene muli ambululu. Amene aweta milamba yaikuru alibe bvuto konse, popeza mlamba udya ambululu ndi acule omwe. Kugula mbeu yaikuru kufuna ndalama zocurukirapo, koma mbeu yocipa imene itha m'kamwa mwa cule ndiyo yodula koposa.

MUSATHIRE MANKHWALA

Mankhwala amene apha mbululu kawiri kawiri aphanso nsomba, pakuti zonse ziwiri zipuma m'madzi amodzi. Mankhwala opopera thonje, cimanga ndi matimati, ndiponso dibi wa ng'ombe, apha nsomba ngakhale atagwera pang'ono pokha. Ombwe ndi katupe nazonso ziri cimodzimodzi. Madzi a m'dziwe satha pomwepo. Atsikira kwa anzanu amene amwetsa ziweto ndi kuthirira madimba kumunsi. Lamulo la za Nsomba la caka ca 2011 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala a ululu, ndipo wocita zotere aimbidwa mlandu. Pampu yopoperera muitsukire kutali ndi mtsinje, ndipo madzi otsukira muwathire m'dzenje.

NSOMBA ZOKONGOLETSA PAKHOMO

M'matauni monga Lusaka ndi Chipata, pa masukulu ena ndi pa nyumba za alendo, muona timaiwe ta simenti mmene musambira nsomba zofiirira ngati lalanje. Zimenezi ndizo goldfish. Kwao ndi ku China, kumene anthu anayamba kuziweta zaka zoposa 1,000 zapitazo posankha zofiira pakati pa nsomba zotuwa za m'mitsinje, ndipo zinafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Siziwetedwa kuti zikhale ndiwo. Zikasamalidwa bwino zikhala ndi moyo zaka khumi kapena kuposa, nizifika masentimita 20 kapena 30. Kadziwe kotere sikacedwa kulandira acule, ndipo mwini afunsa ngati ziwirizi zingakhale pamodzi.

Zikhoza ndithu, koma apa woopsedwa kawiri kawiri ndiye cule. Goldfish idya mazira a acule ndi ambululu ang'ono, kupatula a cule wokhakhala aja a ululu. Cule wa zikhadabo ndi cule wamkulu wa m'madambo okha ndiwo angameze goldfish yaing'ono, makamaka ija ya zipsepse zazitali imene isambira mocedwa. Cotero musaikemo nsomba zocepera utali wa cala, ndipo cule wa zikhadabo mukamuona mumcotse ndi mono.

Kadziwe kakhale ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ikhale yakuya masentimita 60 kufikira mita imodzi, ndi mthunzi pang'ono, popeza goldfish sikonda madzi otentha a m'mwezi wa October. Mbali ina ikhale yosaya, yodzala ndi miyala ndi zomera za m'madzi, yochingidwa ndi mzere wa miyala kuti nsomba zisalowe. M'menemo ambululu adzakula mwa mtendere. Zipupa za simenti zoimirira ndi zoterera ndizo msampha wa acule: cule wokhakhala akagweramo alephera kutuluka, natopa, namira, ndipo mtembo wace uipitsa madzi. Ikani thabwa kapena miyala yotsetsereka kuti akwerepo. Nthawi zina cule wamwamuna pa nyengo yoswana akumbatira nsomba poiyesa mkazi wace. Zimenezi sizicitika kawiri kawiri, koma mukaziona alekanitseni ndi manja mofatsa.

Madzi a pa mpopi wa m'tauni ali ndi mankhwala opha tizirombo, amene apweteka nsomba ndi ambululu omwe. Ayambe akhala m'mgolo wosabvundikira masiku awiri. Anthu ena athira mcere m'madzi pociritsa goldfish yodwala. Teroni m'ndowa yapadera, cifukwa mcere uononga khungu la cule. Patsani nsomba cakudya cimene zimaliza pa mphindi zisanu, pakuti cotsala ciola. Ndipo ngati pakhomo pali ana ang'ono, kadziwe kazingidwe ndi mpanda. Mwana amira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo.

Cenjezo lalikulu ndi ili: goldfish isafike konse mu mtsinje, m'damu kapena m'dziwe la nsomba zakudya. Ikapulumuka iswana kwambiri, ibvundula matope, nidya mazira a nsomba zathu ndi a acule. Ku Australia, mu mtsinje wa Vasse, goldfish zotayidwa ndi anthu zinakula kufika pafupi makilogalamu awiri. Ndiponso nsomba zonyamulidwa kucokera kwina zinyamula matenda. Matenda a zilonda za nsomba anaoneka mu mtsinje wa Zambezi m'zaka za 2006 ndi 2007, ndipo m'caka ca 2020 anapezeka ku Mchinji, patsidya pa malire a Chipata. Goldfish ndi imodzi mwa nsomba zimene ziwatenga msanga. Lamulo lomwe lija la 2011 liletsa kuika nsomba ya mtundu wacilendo m'madzi a dziko lino popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Nsomba. Kadziwe kanu kakumbidwe pamalo pamene madzi a mvula sangasefukire kumtsinje.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALABU A ALIMI

1. Kodi cule wa zikhadabo mungamzindikire ndi zizindikiro ziti, ndipo ambululu ace asiyana bwanji ndi tiana ta mlamba?

2. Cifukwa ninji mpanda ufunika pa dziwe lolerera tiana koma sufunika pa dziwe la nsomba zazikulu?

3. Kodi m'mudzi mwanu anthu atsukira kuti mapampu opoperera mankhwala, ndipo madzi ace apita kuti?

Mvula isanayambe, konzani sefa, mpanda ndi mono. Ikayamba, dzukani m'mamawa mukazungulire dziwe mwakacetecete. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapeza cule amene simumdziwa, muikeni m'ndowa ndi madzi pang'ono mupite naye kwa mlangizi wa za nsomba wa m'boma lanu musanamuphe.